Maere andilanda mtima

Ndinalowa m'kalasi la kafukufuku ndili ndi imvi kale, monyinyirika, chifukwa kuntchito anachita kundikankha. Tsiku loyamba aphunzitsi sanatsegule buku, anangofunsa amene amalima. Ine ndinadzitama kuti manyowa anga anagonjetsa feteleza wa alamu anga chaka chatha.

"Munda wanu uli pati, bambo?"

"Kudambo."

"Nanga wa alamu anuwo?"

"Kumtunda, pamchenga."

"Ndiye mwadziwa bwanji kuti ndi manyowa, osati chinyontho?"

Ndinangoti kakasi. Koma m'malo mwa manyazi ndinamva kukoma kwachilendo, ngati munthu amene walawa uchi atakula kale.

Funso limenelo lili ndi dzina lake. Donald Campbell, katswiri wa ku America, analitcha internal validity mu 1957: kodi chimene ukuchiloza chala ndicho chachititsadi? Linzake analitcha external validity: kodi zimene wapeza pano zingachitikenso kwina, kwa anthu ena?

Chimene chinanditenga mtima kwenikweni ndi maere. Ine maere ndinkawadziwa ngati njira yothetsera mkangano wa ana. Sindinkadziwa kuti katemera wa malungo wa RTS,S anadutsa momwemo. Kuyambira 2009 mpaka 2014, ana oposa 15,000 m'malo 11 a m'mayiko 7 a mu Africa, kuphatikizapo Lilongwe, anagawidwa m'magulu mwamaere. Mwa ana a miyezi 5 mpaka 17, ena analandira katemera wa malungo, ena wa chiwewe, ndipo makolo ngakhale madokotala owayeza sankadziwa kuti uyu walandira uti. Taganizani! Palibe akanasankhira gulu limodzi ana onenepa okhaokha, kapena ogona m'masikito okhaokha. Zonse zija zimene munthu sangazione, dambo ndi mchenga wa m'thupi la mwana, maere anazimwaza mbali zonse. Choncho pamene ana olandira katemera kanayi anadwala malungo mocheperako, ndi pafupifupi 4 pa 10 alionse, chala chinaloza katemerayo popanda kunjenjemera.

Ine ndinkayesa nkhani yathera pomwepo. Ayi ndithu. Mwana wa m'kafukufuku ndi mwana wa mfumu: thupi likangotentha amaonedwa msanga, tsiku la jakisoni likafika pali omukumbutsa. Nanga mayi woyenda wapansi mtunda wautali kupita kusikelo nthawi ya dzinja, mtsinje utadzaza, adzabwera naye mwana kanayi konse, ulendo womaliza mwanayo akuyandikira zaka ziwiri? Atayamba kudalira katemera, sadzapinda masikito n'kuwaika m'sutikesi? Mafunso amenewa ndi ena mwa amene anachititsa kuti pa 23 Epulo 2019 Malawi ikhale dziko loyamba kupereka katemerayu m'zipatala wamba za m'maboma osankhidwa, kenako Ghana ndi Kenya. Bungwe la WHO linadikira mpaka Okutobala 2021 kuti liuvomereze kwa ana ambiri.

Masiku ano kunyumba atopa nane. Wailesi ikati "kafukufuku wapeza", ine ndayamba kale: anayerekeza ndi ndani, anachitira kuti? Mayi a kunyumba akuti ndikumveka ngati wapolisi.

Munda wa kudambo uja ndaudula zigawo 8. Mdzukulu wanga anatola timapepala m'chipewa: zinayi manyowa, zinayi feteleza. Alamu anaseka mpaka kugwira nthiti, koma andibwereka zigawo zina 8 pamchenga pawo paja. Tikudikira mvula.