Usiku wachitatu wopanda mowa

Ntchito yanga ya unamwino imakula mu June ndi July, chisanu chikamatsika m'Phiri la Dedza. Ku wodi ya abambo timalandira anthu otoledwa m'mbali mwa msewu m'mamawa, thupi lili zii. Ambiri amati kachasu amatenthetsa, pamene iye amatsegula mitsempha ya pakhungu, kutentha kwa m'thupi n'kumathawa. Wotereyu ndimayamba ndamufunditsa mabulangete, kenako kumubaya chala kuti ndione shuga. Womwa osadya shuga wake amatsika mpaka kukomoka, abale ali phee, poganiza kuti mowa ukatha adzuka.

Chimene ndimaopa kuposa kuledzerako ndi kusiya mwadzidzidzi. Munthu amene wamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka, ubongo wake unazolowera kuponderezedwa ndi mowa. Mukamulanda botolo lero, pakapita maola ochepa manja amayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, tulo osabwera. Tsiku lachiwiri akhoza kugwa ngati wakhunyu. Usiku wachitatu ndiye amabwebweta, kuona njoka pakhoma ndi nyerere pofunda. Apa m'pamene abale amanong'onezana zoti walodzedwa. Ena amafuna kumuzembetsa kupita kwa sing'anga, ena kumumanga ndi chingwe. Ine ndimakhala pansi ndi mkazi wake: "Mayi, amuna anuwa sanapenge. Thupi likufuna chimene linazolowera, ndipo tikawasiya okha usiku uno tikhoza kuwataya." Timapereka diazepam monga adokotala alembera, kumachepetsa pang'onopang'ono, pamodzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Magetsi sindizimitsa, chifukwa mdima umachulukitsa zoopsa zimene wodwala akuona. Ndimamuitana ndi dzina lake, kumuuza kumene ali, mobwerezabwereza mpaka kucha.

Boma linaletsa mowa wa m'masacheti, ndipo mu 2017 linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa. Mowa wotsika mtengo uja unangolowa m'timabotolo, kachasu naye akutchezedwabe kuseri kwa nyumba. Achinyamata amaphatikiza ndi chamba. Lamulo la 2020 linalola chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale basi, osati chosuta, koma ambiri anamva theka lake lokha. Amene mutu wasokonekera kwambiri timawatumiza ku chipatala cha matenda a muubongo ku Zomba, ndipo a chipatala cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza ofuna kusiya.

Ambiri sadzafika kumeneko. Amabwerera kumudzi kumene anzawo omwa nawo akuwadikira, n'chifukwa chake tsiku lotuluka ndimacheza nawo nthawi yaitali. "Bambo, chibaba chimakugwirani nthawi yanji? Tsiku la msika? Mukagulitsa mbatatesi?" Timagwirizana amene azisunga ndalama, ndi amene aziwakumbutsa ma ARV kapena mankhwala a TB, chifukwa mowa umaiwalitsa zimenezi. Mawu akuti chidakwa sindimawalola pa wodi, ngakhale atuluke m'kamwa mwa mayi wobereka, chifukwa munthu wochititsidwa manyazi akayambiranso kumwa amabisala, ndipo timadzamuona chiwindi chitatupa kale. Ndimawauza poyera kuti akaterereka abwere, sindidzawakalipira, ndipo asadzasiye mowa okha kunyumba. M'buku lawo la kuchipatala ndimalemba tsiku lodzabweranso. Akapanda kuoneka, ndimatumiza uthenga kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo kuti akawayendere.