Sewero la chipatala litatha, bambo anagulitsa ng'ombe

Pamudzi wina m'boma la Angónia, kufupi ndi malire a Dedza, pali mkulu wina amene anagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri. Pa nthawi ya nkhondo anathawira ku Malawi monga anachitira anthu ambiri. Mtendere utabwera mu 1992 anabwerera kudzagwira pa kachipatala kopanda magetsi, kumene mankhwala ankatha mwezi usanathe. Atapuma pantchito analumbira kuti palibe mwana wake amene adzavale zoyera za kuchipatala. Choncho mwana wake wamkazi, chitsirizira, atapempha kuti akaphunzire unamwino ku Tete, mkuluyu anakanitsitsa.

"Mwanawe, ntchito imeneyo ndi yotsanzikana ndi anthu tsiku ndi tsiku. Ine ndatseka maso a anthu ochuluka. Iwe lima mbatatesi," anatero.

Chaka chomwecho mwana wake wamwamuna wa ku Johannesburg anabwera ndi madisiki a sewero la ku America lotchedwa ER. Madzulo alionse bambo ndi mwana ankaonera pa kanema woyendera batire ya sola, mtsikanayo akuwerenga mokweza mawu a Chipwitikizi olembedwa m'munsi, poti maso a bambo anali atafooka.

Seweroli linayamba mu 1994 pa kanema wa NBC. Amene analiyambitsa ndi Michael Crichton, mlembi yemwe anaphunzira udokotala. Limaonetsa chipinda cha odwala mwakayakaya pa chipatala chongopeka cha County General mumzinda wa Chicago. Linatenga zigawo 15, magawo onse pamodzi 331, ndipo linatha pa 2 Epulo 2009.

Atafika pa chigawo chomaliza, mkuluyu ankayembekezera maukwati ndi madyerero. Koma gawo loyamba lenilenilo linayamba ndi maliro. Dokotala Greg Pratt anamwalira m'manja mwa anzake atavulala pa kuphulika kwa ambulansi. Posakhalitsa Abby Lockhart anatsanzika nkupita ku Boston ndi mwamuna wake Luka Kovac. Mkulu watsopano wa chipindacho, dokotala Banfield, anapezeka kuti ndi mayi amene mwana wake anafera pamalo pomwepo zaka zam'mbuyo. Bambo anatembenukira kwa mwana wake.

"Waona? Ndi zomwe ndimakuuza zija."

Kenaka anatulukira dokotala John Carter, amene analowa m'seweroli ali mnyamata wophunzira. Anali atachokera ku Africa kumene ankathandiza odwala. Impso yake imodzi inaonongeka kale atabayidwa ndi mpeni, ndipo yotsalayo inafooka chifukwa cha matenda amene anayamba ndi likodzo. Apa mkuluyu anaimitsa kanema.

"Likodzo lomweli la m'madambo mwathu?"

"Lomwelo, bambo."

Carter anapulumuka. Kutali ku Seattle, anzake akale Doug Ross ndi Carol Hathaway anapempha gogo wina kuti alole ziwalo za mdzukulu wake amene anali atatsirizika zithandize ena. Gogoyo anavomera, ndipo impso inapita ku Chicago, awiriwo osadziwa kuti akupulumutsa mnzao. Mphunzitsi wake wakale, Peter Benton, anaima pambali pake pa opaleshoni. Atachira, Carter anatsegula chipatala cha osauka chimene anachitcha dzina la Joshua, mwana wake amene anabadwa atamwalira kale.

Usiku umenewo mkuluyu sanagone. Ankadziwa kuti munthu wa pamudzi pake sangalote zoikidwa impso ya munthu wina. Chimene chingamupulumutse ndi namwino wapafupi, womufunsa ngati akukodza magazi nkumupatsa mapiritsi a praziquantel matenda asanafike patali. Anakumbukira ana asukulu amene iye mwini anawamwetsa mapiritsiwo, amene lero ndi abambo a mabanja.

M'gawo lomaliza munabwera mtsikana, Rachel, mwana wa dokotala Mark Greene amene anamwalira m'seweroli mu 2002 ndi chotupa cha mu ubongo. Anabwera kudzapempha malo ophunzirira udokotala pa chipatala chomwe bambo ake anagwirapo. Palibe amene anamuthamangitsa. Usiku kunamveka kuti kwaphulika malo ena, maambulansi anayamba kufika motsatizana, ndipo Carter anaitana mtsikanayo ndi dzina la bambo ake kuti alowe nawo. Sewero linathera pomwepo, odwala akulowabe pakhomo.

"Basi latha? Nanga ovulalawo?" anafunsa bambo.

"Sanationetse, bambo. Alipo owasamala."

Mkuluyu anakhala chete nthawi yaitali. Kutacha anatsegula khola, natulutsa ng'ombe imodzi mwa zitatu zimene anali nazo, ulendo wa kumsika. Mkazi wake atafunsa, iye anati zaka zonsezi wakhala akuwerenga amene anawatseka maso, osawerenga amene anadzuka nkupita kwao. Ndalama ya ng'ombeyo ndi imene inalipira ulendo wa ku Tete, chikwama ndi nsapato zoyera.

Tsiku lonyamuka, bambo anamuperekeza mpaka pamsewu. Sanalankhule zambiri. Anangomupatsa wotchi yake yakale yowerengera kugunda kwa mtima, nati: "Pita, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma ukamaliza ubwere, likodzo kuno silinathe."