Mpiringidzo wa Foni ya Amai

Nditapita kumudzi ku Katete pa Khrisimasi, amai anandipatsa foni yao kuti ndione cifukwa cake imacedwa kutseguka. Foniyo ndinawagulira ndine ku Lusaka. Ndinasankha yotsika mtengo, pakuti thumba linali lopepuka mwezi umenewo.

Ndinalowa mu Settings, ndipo maso anga anaima pa mzere wolembedwa kuti Android security update. Deti lake linali la zaka ziwiri zapitazo. Ndinadina pofufuzira zatsopano, koma foni inayankha kuti palibe cotsala.

"Yafa kodi, mwanangu?" anafunsa amai.

"Iyai amai, ili moyo."

Sindinaname, koma sindinanene zonse. M'foni imeneyo ndi mmene amasungira ndalama za nshawa, za cilimba, ndi zimene ndimatumiza za feteleza. Ndiyo banki yao.

Mu 2015 akatswiri anapeza cibowo mu Android cimene anacicha Stagefright. Mbala ikanatha kulowa m'foni mwa kungotumiza uthenga wa MMS. Caka comweco Google inayamba kutulutsa zigamba zotsekera mabowo otere mwezi uliwonse. Koma cigamba sicicoka ku Google n'kufika kwa amai tsiku lomwelo. Cimadutsa kwa opanga zipangizo za m'kati mwa foni, kenako kwa kampani yopanga foniyo, nthawi zinanso kwa a netiweki. Aliyense ali ndi liwiro lake. Foni ina imalandira mwezi ndi mwezi, ina pakapita miyezi itatu, ina imangosiyidwa popanda kutsanzika.

Cimene cimandiwawa n'cakuti citetezo cimatsata mtengo. Google inalonjeza zaka 7 kwa ogula Pixel 8 mu 2023, ndipo Samsung inacita cimodzimodzi ndi Galaxy S24 mu 2024. Ku European Union, kuyambira pa 20 June 2025, lamulo limafuna kuti foni izilandirabe zokonzedwa kwa zaka zosacepera 5 italeka kugulitsidwa. Ine tsiku logula lija ndinafunsa za batire ndi kamera cabe. Za zaka za citetezo sindinafunse, wogulitsanso sanazichule.

Palibe amene wawabera amai mpaka lero. Akuba amene timawadziwa kwathu amaimba foni ndi mau okoma n'kupempha PIN, ndipo amenewo amai amawadula asanamalize moni. Koma cibowo ca m'kati mwa foni sicipereka moni. Nzeru zao zonse sizingacitseke.

Ndinafufuta ma app amene sawagwiritsa nchito, ndi kuwapempha kuti asamatsegule link iliyonse yobwera pa WhatsApp. Ndinayambanso kuika padera kandalama ka foni ina, ndipo ulendo uno funso loyamba ndikulidziwa.

Usiku umenewo ndinaona amai akuika mpiringidzo pacitseko, n'kucikankha kawiri monga acitira masiku onse. Kenako anaika foni pansi pa pilo, nagona tulo tabwino. Ine ndinacedwa kugona.