Wayilesi Yakale ndi Nyimbo za Kwathu



Ambiri a ife tikafuna galimoto kuno ku Joni tigula yakale, pakuti ndiyo imene thumba lathu likwanitsa. Wayilesi yake idziwa kaseti yokha, pamene nyimbo zathu zonse, za kwaya ya kumudzi ndi za Allan Namoko zomwe, zili m'foni. Tsono ena azula wayilesi yabwinobwino nagula yatsopano ndi ndalama zimene zikadalipira fizi ya mwana. Ife tiona kuti sikuyenera kutero, popeza njira zotsika mtengo zilipo ziwiri.

Yoyamba ndiyo kaseti ya chingwe. Ioneka monga kaseti wamba, koma mulibe tepi. Chingwe chake chilowa m'foni pabowo la mahedifoni, ndipo wayilesi iyimba monga kale. Chovuta n'chakuti mafoni ambiri atsopano alibe bowo limenelo.

Yachiwiri ndiyo kachipangizo kamene m'masitolo akatchula FM transmitter. Tikakalowetsa pabowo loyatsira fodya, kalandira nyimbo za m'foni kudzera pa Bluetooth ndi kuziulutsa pamtunda wa mamita owerengeka okha. Pawayilesi tifunafuna nambala pakati pa 87.5 ndi 108 pamene pangomveka phokoso lokhalokha, ndipo nambala yomweyo tiika pakachipangizoko. Mu Johannesburg nyumba zoulutsa mawu zachuluka, choncho malo opanda kanthu ngosowa. Ndiponso nambala yopanda mwini kuno ingathe kukhala ndi mwini wake ku Polokwane kapena ku Harare. Mawu akayamba kusokonekera, asinthe ndi wokhala pambali, woyendetsa maso ali pamsewu. Usiku tikazule, chifukwa m'magalimoto ena bowolo silizima ngakhale makiyi atachotsedwa, ndipo batire ikhoza kufooka.

Tilemba izi chifukwa cha ulendo wopita kwathu. Njira ya ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza njaitali, ndipo tulo ndi mdani wa woyendetsa. Wayilesi za m'njira zibwera ndi kuzimirira, koma nyimbo imene tonse tiidziwa, tikaiyimba pamodzi, ithandiza mbale wathuyo kukhala maso. Komatu zikope zikalemera, aime pamalo abwino nagone ndithu, pakuti ana kumudzi adikira ife amoyo, osati katundu yekha.

Muyende bwino, abale, ndipo mukafika mukapereke moni kumudzi.