Munthu wa ku Kilwa ndi agogo anga a ku Nathenje

Sabata yatha, ndili mu minibasi yochoka ku Mitundu, bandulo yanga yonse inathera pa munthu amene ngakhale dzina lake linatayika. Anali Msilamu wophunzira wa ku Kilwa, kachilumba ka m'nyanja ya mchere ku Tanzania. Anabadwa mu 1499, moti pamene Apwitikizi ankalanda tauni yakwawo mu 1505 n'kuti ali kamwana. Atakula, mfumu ya kumeneko inamupempha kuti alembe mbiri ya Kilwa m'Chiarabu.

Sanalimbane ndi za dziko lonse ayi. Analemba za kwawo basi: uje analowa ufumu wa uje, anakhala pampando zaka mwakuti, uyu anachotsedwa ndi m'bale wake. Analembanso za Ali bin al-Hasan wa ku Shiraz, amene akuti anagula chilumba chonsecho ndi nsalu. Pamenepa ine ndimakayika. Zikumveka ngati nkhani zija mabanja achifumu amazikonda, zoti ife magazi athu ndi akutali. Komabe mkuluyu anakhala pansi n'kulemba. Anakonza mitu 10, yomwe inatifika ndi 7. Buku lomwe lilipo ndi lokopera pamanja mu 1877, limene Sultan Barghash wa ku Zanzibar anapatsa John Kirk, mwini dzina la mapiri a Kirk Range aja a ku Ntcheu ndi Neno. Pano lili ku London.

Chimene chinandibaya n'chakuti ine, ndi digiri yangayi, mafumu a ku Kilwa ndikhoza kuwapeza pafoni, koma sindingatchule anthu atatu amene anakhalapo nyakwawa m'mudzi momwe munakwiriridwa mchombo wanga. Samuel Nthara analemba Mbiri ya Achewa, inde, koma kamudzi kathu simungakapezemo.

Loweruka ndinapita ku Nathenje. Ndinawapeza agogo aamuna ali pakhonde, akusoka mphasa.

"Agogo, mudzi uno anayambitsa ndani?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Iwe, zaka zonsezi unali kuti?"

Ndinaika foni pamphasapo kuti ijambule mawu. Anayamba bwinobwino: kumene mbumba yathu inachokera, chifukwa chimene manda akale ali kutsidya kwa dambo, mkangano wa malire umene unagawa mudzi pawiri. Zina ankakometsera, ndinkachita kuona. Mbali yathu sinalakwepo ngakhale kamodzi! Atafika pa maina a azimayi, amene ufumu umadzera kwa iwo, anatchula awiri n'kuima.

"Apa ndiye ankadziwa ndi alongo anga."

Alongo awowo tinaika chaka chatha. Pamaliro ndinafika mochedwa, ndipo nditangodya nsima ndinathamangira minibasi.

Agogo akuti kuseri kwa msika kuli gogo wina amene anavinidwa limodzi ndi malemuwo, mwina iyeyo akukumbuka dzina lachitatu. Akuti makutu anayamba kuvuta, ndiye ndikalankhule mokweza. Ndipitako Loweruka likubwerali, nditenge shuga ndi kope.