Kutopa Kosatha ndi Tulo

Abale ndi alongo a kunyanja, mukamachoka ku Salima kupita ku Lilongwe, basi imafika pa Chezi itatopa ndi zitunda. Pamenepo mumatulutsa mkono pawindo n'kugula tomato, anyezi ndi kabichi, kenaka ulendo. Ife tsono sitipitirira. Timatsika pomwepo, n'kukwera kabaza kulowera m'mapiri, kumene kuli kachipatala komwe timagwirako ntchito. Ndife anamwino atatu, ndipo awiri mwa ife ndi ana a kunyanja ngati inu, amene tinakulira usipa ndi kutentha. Kuzizira kwa mwezi wa June kuno ku Dowa sitinakuzolowerebe mpaka lero.

Titamaliza maphunziro a zaka zitatu, makolo athu anasangalala kwambiri. Mayi ake a mmodzi wa ife anayenda mudzi wonse akuonetsa chithunzi cha mwana wawo atavala zoyera. Ankati mwana walowa ntchito ya ukhondo, ya pamthunzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tikuuzeni mmene tsiku limayendera. Dzuwa lisanatuluke, khonde limakhala litadzaza kale. Amayi oyembekezera abwera kusikelo, ana akutentha thupi, agogo akudandaula msana, ena abwera kudzatenga ma ARV, ena za kulera. Wina wadzitema ndi khasu. Pa anamwino atatu aja, mmodzi amakhala kuti wagona kuchipinda chochirira usiku wonse, wina mwina waitanidwa kumaphunziro kuboma. Wotsalayo ndiye wa zonse. Amayeza malungo pa chala, amapereka LA, amalemba m'kabuku ka wodwala, amalembanso m'mabuku akuluakulu a malipoti, ndipo akamva kukuwa kuchokera kochirira amasiya cholembera n'kuthamanga. Nsima ya masana timaidya cha m'ma 4 koloko, yozizira, nthawi zina chiimire.

Sikuti ntchitoyi inachuluka mwangozi ayi. M'chaka cha 2004 boma linayamba kupereka ma ARV aulere. Mu 2007 linaletsa azamba kubereketsa amayi m'midzi, ndipo mafumu ambiri anaika chindapusa cha mbuzi kapena nkhuku kwa mayi wochirira kunyumba. Mu 2011 Malawi inayamba kuika pa ma ARV mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilombo, kwa moyo wake wonse. Zonsezi n'zabwino, ndipo tawaona ndi maso athu ana amene apulumuka chifukwa cha zimenezi. Komatu katundu yense uja anatsikira pamutu pa namwino wa kumudzi. Ntchito zimene kale zinali za dokotala zinasanduka zathu, koma manja anakhalabe awiri omwe aja.

Za malipiro sitinena zambiri. Akuluakulu athu pantchito amakumbukira chaka cha 2005, pamene boma mothandizidwa ndi Britain linawonjezera malipiro a ogwira ntchito zachipatala ndi 52 peresenti pofuna kuti anamwino aleke kuthawira kunja. Ife chimene timakumbukira ndi November 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, sopo ndi mafuta ophikira n'kukwera sabata yomweyo.

Koma chimene chatilembetsa si ndalama. Ndi zimene zinachitika usiku wina m'nyengo ya dzinja.

Mayi wina anafika pa ngolo cha m'ma 11 koloko usiku, atanyamula beseni, zitenje, lezala ndi pepala lapulasitiki monga timawauzira. Batire la sola linali litafa, choncho mlonda ndiye anatiunikira ndi tochi ya pafoni. Mwana anabadwa bwinobwino, koma mayi uja anayamba kutaya magazi. Tinamuika dripu, tinamubaya jakisoni woumitsa chiberekero, tinasisita pamimba mpaka mikono kuchita dzanzi. Tinaimba foni kuitana ambulansi, anatiyankha kuti mafuta palibe. Magazi analeka kukucha. Mayiyo ali moyo, ndipo mwana wake tsopano akuyenda.

M'mawa womwewo, tisanagone n'komwe, pamzere panali agogo ena atabereka mdzukulu wotentha thupi. Anafika patebulo alibe kabuku. Anati, "Pepani anesi, kabuku kananyowa ndi mvula, denga likudontha." Ife tinawakalipira pamaso pa anthu onse. Tinawauza kuti chipatala si pamsika, apite akagule kabuku kena ndipo akabwera ayambire kumbuyo kwa mzere. Agogo aja sanayankhe. Anangoti, "Zikomo, mwanangu," n'kutuluka. Anali a msinkhu wa amayi athu otibereka. Kwathu kunyanja, mwana wolankhula choncho kwa munthu wamkulu amamuitanira amalume.

Choopsa n'chakuti pa nthawiyo sitinamve chilichonse mumtima. Manyazi anabwera madzulo, titakhala pansi kuti tivule nsapato. Tinafunsa mlangizi wa zaumoyo wa kumudzi kwa agogowo, ndipo anatiuza kuti sanabwererenso pamzere. Anakagula panado pagolosale. Mmodzi wa ife anakwera njinga ya mlangiziyo m'matope, atatenga choyezera malungo ndi mankhwala. Mwanayo anapezekadi ndi malungo. Anachira, koma tikaganiza kuti zikanatha mwina, tulo timatisowa.

Tinadzamva pambuyo pake kuti vutoli lili ndi dzina. M'chaka cha 2019 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti pali kutopa kumene kumadza chifukwa cha ntchito yopanikiza kwa nthawi yaitali. Linati zizindikiro zake ndi kutheratu mphamvu, kuuma mtima pa ntchito imene unkaikonda, ndi kuyamba kulephera kuigwira bwino. Titamva tinangoyang'anana. Kutopa kwa kumunda kumatha ukagona. Uku umadzuka nako, umasamba nako, umavala nako yunifolomu. Umafika poti ukamva kulira kwa ngolo usiku, m'malo moganiza za wodwala umayamba watukwana mumtima.

Ndipo sikuthera kuchipatala kokha. Nyumba zathu zili pafupi ndi chipatala, ndiye ngakhale tsiku lopuma anthu amagogoda. Ungamubweze bwanji bambo amene mkazi wake akubuula panja? Mnzathu wina mwana wake anadwala malungo iye ali pa ntchito ya usiku, anakamuona kutacha mwana atakomoka kale kamodzi. Amuna athu amati tikafika kunyumba timakhala ngati alendo, osalankhula. Ukwati wa mphwathu ku Nkhotakota tinaumvera pafoni. Pa nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ena a ife tinatha miyezi osaponda kwathu.

Tikudziwa kuti ambiri a inu muli ndi nkhani ya namwino wamwano, ndipo sitikukana. Mwano ndi mwano, agogo aja sanalakwe kanthu. Ife tinagwirizana zochepa zimene tingathe. Amene wagona kochirira asakhalenso patebulo m'mawa, ngakhale mzere utalike bwanji. Wina akayamba kukweza mawu, mnzake amamugwira paphewa n'kumuuza kuti akamwe madzi. Tinapemphanso komiti ya chipatala, momwe muli mafumu, kuti ifotokozere anthu chifukwa chake nthawi zina amadikira. Mfumu ina itamva kuti usiku namwino amakhala yekha, inatumiza anyamata kudzatikonzera denga la nyumba. Kalata yopempha namwino wachinayi tinalemba, tikudikira yankho.

Mnzathu wachitatu uja wapeza ntchito ku bungwe lina ku Lilongwe, achoka kumapeto kwa mwezi uno. Sitikumuda. Tamuthandiza kale kumanga katundu. Agogo aja anabweranso kusikelo sabata yatha ndi mdzukulu wawo, kabuku katsopano atakakulunga m'jumbo ya shuga, ndipo anatibweretsera maungu awiri.