Usipa ukwera galimoto, ana atsala pa doko

Amene wayenda pa msewu wa M5 kuchokera ku Salima sangatsutse kuti Nkhotakota ndi dera lodalitsika. Minibasi itangofika pa mlatho wa Chia, amalonda anathamangira m'mawindo atanyamula chambo chamoyo. Kutsogoloku kuli madambo a mpunga a ku Bua, minda ya nzimbe ya Illovo ku Dwangwa, ndiponso nkhalango yomwe inalandira njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Chuma chilipo, ndipo chimaoneka ndi maso.

Ndinagona pa boma. M'bandakucha ndinakwera kabaza kutsikira kunyanja kuti ndikaone asodzi akukocheza. Mabwato a chilimira anali kubwera limodzilimodzi, nyali zitazima, alovi maso ali gwa ndi tulo. Koma chimene chinandigwira mtima ndi unyinji wa ana. Linali tsiku la sukulu. Ena ankakapa madzi m'mabwato, ena kusenza mabigili a usipa kupita nawo pa thandala, tating'onoting'ono tikutola tinsomba togwera mumchenga n'kumaponya m'jumbo.

Mnyamata wina, wosapitirira zaka 12, anali atavala malaya a yunifolomu opanda mabatani. Zikhatho zake zinali zong'aluka ndi chingwe cha khoka ngati za munthu wamkulu.

“Iwe, sukulu bwanji lero?”

“Ndipita mawa, bambo. Kunyumba kulibe ndiwo.”

Malipiro ake anali mbale ya usipa. Theka anagulitsa pomwepo kwa mayi wina wa geni, theka anathamanga nalo kwawo. Nditakumana ndi mayi ake akusinja makaka a kondowole, sanabise mawu. “Achimwene, nyanja imalipira lero lomwe. Sukulu imafuna makope, sopo ndi ndalama ya chitukuko. Mkulu wake anafika Fomu 4, ali m'bwato momwemo.”

Sindinawaweruze mayiwa, ndipo sindikufuna kuti owerenga awaweruze. Malamulo tili nawo. Pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anakhazikitsa kuti aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana. Koma pa doko palibe amene amalemba mwana ntchito papepala. Amangobwera yekha chifukwa m'mimba muli zii. Mwera ukawomba masiku angapo, mabwato osalowa, banja lonse limagona ndi njala, atsikana n'kuyamba kumvera amuna ogula nsomba amene ali ndi ndalama m'thumba. Madzi osefukira amene anasamutsa anthu ku Dwangwa kumayambiriro kwa 2024 anangowonjezera chilonda.

Vutoli si lathu tokha. Ngakhale ku Britain, mu 2020, katswiri wa mpira Marcus Rashford anachita kulimbana ndi boma kuti ana a mabanja osauka azipatsidwa chakudya nthawi ya holide. Kumeneko anavomereza kuti mwana wanjala saphunzira. Kuno mphunzitsi wina amene ndinakwera naye galimoto ananena zomwezo: phala likamaphikidwa pasukulu kalasi imadzaza, likasiya ana amabwerera kunyanja. Ine ndikuona kuti makampani ndi amalonda amene amapindula ndi shuga, mpunga ndi nsomba za m'boma lino angathe kudyetsa sukulu za m'mphepete mwa nyanja popanda kumva kuwawa.

Masana ndinaima pa mtengo wa mkuyu pomwe David Livingstone anakambirana ndi Jumbe zoleka malonda a akapolo, kenaka ndinapita kudepoti. Matumba a usipa wouma anali kukwezedwa pa lole yopita ku Lilongwe, ndipo ambiri mwa osenzawo anali anyamata a msinkhu wa Sitandade 7.